Payipi ya Aphunzitsi

Amayi anga ankaopedwa. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi zomwe aliyense ananena tsiku lotsatira maliro awo, pamene anthu anadzaza pabwalo la nyumba yathu kuti awakumbukire. Anamwalira atadutsa zaka makumi asanu ndi anayi, mano onse ali m'kamwa kupatula limodzi lakutsogolo. Theka la anthu a m'dera lathu linaphunzira kugwira pensulo m'kalasi mwawo. Theka linalo Amayi analipachikapo pa sikelo ya ana kuchipatala, komwe ankathandiza mwaulere atapuma ntchito, kapena analiphunzitsa kuwerenga litamera kale imvi. Dzina lawo linaiwalika kalekale. Aliyense ankangoti Aphunzitsi, ngakhale abusa, ngakhale apolisi.

Ine ndine mwana wawo woyamba. Ndinagwira ukondakitala wa basi mpaka mawondo anakana, ndiye musayembekezere pakamwa pofewa. Ndili ndi mlongo mmodzi, mwamuna wamng'ono kwa ine, yemwe tinamutcha Wailesi chifukwa ali mwana sankasunga chinsinsi. Ukaswa kapu m'mawa, pofika masana msewu wonse wamva. Atakula anasanduka munthu wachete ngati kabati. Anapita kukagwira ntchito yoyeza malo kumzinda wakutali, ndipo kwathu ankabwera ngati mlendo, kufika lero n'kubwerera mawa. Pa maliro sanagwetse msozi ndi umodzi womwe. Tsiku lokumbukiralo anakhala pakona atavala suti, maso ali pa nsapato zake.

Anthu analankhula, ndipo analankhula zoona. Mayi wina anati Aphunzitsi anamusokera yunifolomu pamanja bambo ake atathawa. Wina anati anakamutulutsa m'banja akadali kamtsikana n'kumubwezera pa desiki. Wina anakumbutsa za ngalande ya mumsewu mwathu, yomwe Amayi anayamba kuikumba okha ndi khasu mpaka amuna anachita manyazi n'kutuluka m'nyumba. Kenaka anaimirira a Butchala, bambo wa mimba yotsogola ndi manja ngati mafosholo, yemwe Amayi ankamukoka khutu ali mwana chifukwa chodya choko.

"Zonse mwanenazi n'zoona," anatero a Butchala, "koma mwaiwala chachikulu. Aphunzitsi sankanyengerera mbava! Tikagwira wakuba, tisanafike naye patali, tinkangomva, 'Chokani, ameneyo ndi wanga!' Atulukira ndi payipi yawo. Phwa! Phwa! Kumukoka khutu mpaka m'nyumba umu, chitseko gwa! Ndiye kulira kwake munthuyo, abale anga! Ife panja pano mpaka kumamumvera chisoni. Mayi wochepa thupi ngati uja, koma dzanja lake ayi ndithu. Wakuba akalowa m'nyumba umu sankapondanso m'dera muno."

Anthu anaomba m'manja, akuseka, ena akupukuta misozi. A Makaniko, omwe galaja yawo ili pakona pa msewu wathu, anapempha kuti payipiyo itulutsidwe anthu aionenso. Inali chidutswa cha payipi yakuda ya labala, yothiririra maluwa, yotalika ngati mkono, ndipo inkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko. Ndinaitulutsa. Inayamba kuyenda m'manja m'manja, aliyense akuigwira mwaulemu ngati khanda.

Wailesi anandiweramira n'kunena chapansipansi, "Mukumva, achemwali? Akuombera m'manja nkhanza. Ine ndinkalowa pansi pa bedi n'kudzitseka makutu ndi pilo. Mpaka lero ndikamva munthu akukuwa, thukuta limandituluka."



Chomwe a Butchala sankadziwa, chomwe Wailesi sankadziwa, ndi ichi. Panja Amayi ankamenyadi, kawiri kapena katatu, mwamphamvu, kuti khamu lione. Koma chitseko chikangotsekedwa, payipi sinkakhudzanso thupi la munthu. M'chipinda chochezera munali mpando wachikopa wa malemu bambo athu. Ntchito yanga, kuyambira ndili kamtsikana, inali yotseka makatani, kunyowetsa chiguduli n'kuchiyala pampandopo, chifukwa chikopa chokutidwa ndi chiguduli chonyowa chimalira ngati msana wa munthu. Amayi ankamugoneka pansi wakubayo n'kumunong'oneza, "Ngati ukufuna kuona mawa, lira. Ndikamenya mpando, iwe ukuwe ngati ndikukusenda." Ndiye iwo phwa pampando, munthu uja mayo, ine ndikutsuka mabala ake ndi madzi a mchere, omwe ankathandizanso kuti kulirako kumveke kwenikweni. Khamu likakhuta kulira linkabalalika lokha. Mumsewu mukachita bata, Amayi ankamutulutsira kukhomo lakuseri, kudzera kanjira ka pakati pa mipanda, n'kupita naye kupolisi kapena kuchipatala, woyenda yekha kapena pa wilibala.

Nzeru imeneyi anaigula ndi dzino. Ali mphunzitsi wachitsikana, khamu linagwira bambo wina pageti la sukulu ataba malata. Amayi anatuluka m'kalasi, anagwada m'fumbi, anapempha mwaulemu monga munthu wophunzira. Wina anawagunda ndi chigongono pakamwa mpaka anagwera m'ngalande. Pomwe ankadzuka, bambo uja anali atavekedwa kale tayala ndipo moto unali utagwira. Mwana wake anali wa m'kalasi mwawo, ndipo anaonera zonse pawindo pamodzi ndi anzake. Amayi ankandiuza kuti tsiku limenelo anadziwa kuti khamu silimvera munthu wopempha, limangopatukira munthu wokwiya kuposa ilo.

Wailesi sitinamuuze chifukwa akanaulutsa, ndipo chinsinsi chikanangotuluka, wakuba wotsatira akanafera pakhomo pathu. Atakula ndinawapempha Amayi kuti amuuze. "Andifunse," anatero. "Mwana amene akuganiza kuti mayi ake ndi chilombo abwere andifunse pamaso." Anali ouma mutu, ndipo mwana wawo anatengera iwo. Iye sanafunse, iwo sananene, ine anandilumbiritsa. Zinandiwawa zaka zonsezi kuona mayi ndi mwana akupatsana moni ngati anthu okumana pa siteji ya basi, ndipo pa nkhani imeneyo Amayi sindinawakhululukire.

Payipi ikadali m'manja mwa a Butchala, kuseri kwa nyumba kunamveka mfuu ya mayi wa nyumba yoyandikana nafe.

"Wakuba! Wakuba uyo!"

M'mawa wa tsikulo ndinali nditachapa bulangete lofiirira lomwe Amayi anafunda masiku awo omaliza, n'kuliyanika pa chingwe. Ngakhale nditalichapa, linkamvekabe fungo la mafuta omwe ndinkawapaka m'mawondo. Bambo wina woonda, wa jekete lobiriwira, yemwe palibe ankamudziwa, anaona kuti anthu onse ali kumaso kwa nyumba. Analumpha mpanda, anakulunga bulangetelo m'khwapa, n'kuliyatsa liwiro.

Sindinaonepo bwalo likukhuthuka mwachangu chonchija. Mipando inagubuduzika, makapu a tiyi anasweka, agogo omwe anabwera akutsimphina anaiwala ndodo zawo. Anamugwirira pakona, pa galaja ya a Makaniko, pomwe anaterereka pa oyilo wotayika. Ine ndi mawondo angawa ndinafika mochedwa, ndipo chomwe ndinayamba kumva ndisanaone kanthu ndi phokoso, lija limamveka anthu akamapuntha thumba.

Ndinadzipanikiza pakati pa misana mpaka ndinaona. Anali chagada mu oyilo, manja atatchinga kumutu. Amuna ovala masuti a pamaliro ankamuponda m'nthiti ndi nsapato zopolisha. Mayi uja anasokeredwa yunifolomu anali atavula nsapato ya chidendene chosongoka n'kumamukhoma nayo m'mutu ngati akukhoma msomali. Wina anabwera ndi njerwa, anainyamula ndi manja awiri, n'kuigwetsera pankhope. Ndinamva nsagwada ikuthyoka. Manja a bamboyo anagwera m'mbali, ndipo diso lake limodzi silinkaonekanso, panali magazi okhaokha. Bulangete la Amayi linali pambali pake, lopondedwapondedwa, lakuda ndi oyilo.

"Kuba pa maliro a Aphunzitsi!" anakuwa a Butchala, akumukwapula ndi payipi ija. "Lero tiwachitira ulemu! Akanakhalapo akanamusenda wamoyo!"

"Tiwachitire ulemu Aphunzitsi!" khamu linavomera.

Ndinene zoona, nditaona bulangete lija mtima wanga unali nawo limodzi. Ndinafuna kuti amve kuwawa. Chinali chinthu chomaliza chomwe chinakhudza thupi la mayi anga ali moyo, ndipo chitsiru ichi chinalitaya mu oyilo. Ndinaima chilili, ndikungoonerera.

Kenaka ndinaona tayala. A Makaniko ankaligubuduza kuchokera m'galaja, ndipo bambo wina anali atagwada pa njinga yamoto, akupopa petulo ndi pakamwa kuthira m'botolo. Anamudzutsa wakubayo ndi kolala, anamuveka tayala m'khosi, mutu wake ukulendewera. Petulo anamuthira kuyambira pamutu mpaka m'jekete. Anthu anayamba kufunsana machesi.

Apa m'pamene Wailesi analowa pakati, magalasi ali pamphuno, manja ali m'mwamba.

"Abale, chonde," anatero ndi mawu a mu ofesi. "Chonde, tiyeni tiganize bwino. Pali malamulo. Timutengere kupolisi munthuyu."

Sindinaone yemwe anamumenya. Ndinangoona mutu wake ukubwerera m'mbuyo, magalasi akuuluka, iye n'kukhala pansi mu oyilo, mlomo utang'ambika, magazi akutsikira pa tayi. Khamu linamutsekera kunja ngati palibe chachitika. Ndinamuona mlongo wanga atagwira pakamwa, ndipo ndinaona Amayi m'ngalande muja, ngakhale tsiku limenelo ndinali ndisanabadwe.

Ndinatsomphola payipi m'manja mwa a Butchala.

"Chokani! Ameneyo ndi wanga!"

Palibe anasuntha. Ine si Aphunzitsi, palibe yemwe ndinamuphunzitsa kugwira pensulo. Koma zaka zonse zija ndinkatsitsa zidakwa m'basi sizinapite pachabe. Ndinaona dzanja la a Makaniko likutuluka m'thumba ndi bokosi la machesi, ndipo ndinalikwapula ndi mphamvu zanga zonse. Bokosi linagwa, a Makaniko anakuwa ngati mwana n'kuika zala m'khwapa.

"Ndati ndi wanga!" ndinakuwa ndi mawu a padepoti. "Bulangete ndi la mayi anga! Payipi ndi ya mayi anga! Ndani wa inu anawasambitsapo? Ndani anawatembenuzapo pabedi? Mwabwera kudzamwa tiyi wanga, mwaswa makapu anga, tsopano mukufuna kundilanda ndi wakuba wanga yemwe?"

Anabwerera m'mbuyo pang'ono. Ndinadziwa kuti mawu okha sakwanira, khamu liyenera kuona. Ndinachotsa tayala m'khosi mwa bamboyo, anagwa chafufumimba, ndipo ndinamukwapula pamsana. Amayi ankalekeza pachiwiri kapena pachitatu. Ine ndinapitirira, chifukwa dzanja langa linali ndi mkwiyo weniweni ndipo linakana kuima. Jekete ndi malaya ake zinang'ambika, mizere inatupa pakhungu ndikuona. Iye anangotulutsa kamawu kakang'ono kukhosi.

"Moto ndi wachangu," ndinatero ndikupuma mwa befu. "Moto ndi chifundo. Uyu alowe m'nyumba ya Aphunzitsi, amve kuwawa pang'onopang'ono ngati kale."

Khamu linakuwa mokondwa. "Ngati kale! Mwana wa Aphunzitsi ameneyo!"

Kumukoka khutu sikukanatheka, khutu lake linali lolendewera ndipo miyendo sinkagwira. Ndinatola bulangete n'kuliponya paphewa, ndinagwira bamboyo m'khwapa, n'kuuza Wailesi kuti anyamule miyendo. Anandiyang'ana ndi maso opanda magalasi, ndipo m'maso mwakemo munali chidani.

"Achemwali, nanunso?"

"Nyamula, iwe!"

Ananyamula. Ndinadziwa kuti akunyamula kuti akamuteteze kwa ine. Tinayenda naye mumsewu wonse khamu likutitsatira, ena akumuponyabe mateche m'njira, magazi akudontha pa phula. A Makaniko ankabwera m'mbuyo akugubuduza tayala lawo ndi dzanja lamanzere, ndipo machesi anali atawatola. Titafika pakhonde anandiuza pamaso, "Tikudikira panja pano, a Kondakitala. Tikapanda kumva kulira, tilowa tidzamalize tokha."

Ndinatseka chitseko n'kuikapo mpiringidzo. Tinamugoneka pansi m'chipinda chochezera, ndipo nyumba yonse inadzaza fungo la petulo. Wailesi anaima pakati pa ine ndi bamboyo, zibakera atakunga, munthu yemwe sanamenyepo ngakhale galu.

"Mukamukhudzanso muyambe ndi ine," anatero, magazi akumudontha pakamwa. "Ndinabisala pansi pa bedi ubwana wanga wonse. Lero sindibisala."

Nthawi panalibe. Ndinatseka makatani. Ndinatola chiguduli chopondera pakhomo la kukhitchini n'kuchiviika mu ndowa. Mpando wa bambo unali pamalo pake, wokutidwa ndi nsalu yoluka yomwe Amayi sankalola aliyense kuichotsa. Ndinaikoka. Chikopa chonse cha pamsana pa mpandowo chinali mizeremizere, chong'ambika, chosokedwa ndi ulusi, chong'ambikanso, thonje likusuzumira m'mabowo. Ndinayalapo chiguduli, ndinagwada pafupi ndi khutu labwino la bamboyo.

"Bambo, ngati mukufuna kuona mawa, lirani. Ndikamenya mpando, inu mukuwe."

Ndinaimirira n'kumenya mpando. Phwa! Unalira monga unkalirira kale, ngati msana wa munthu. Koma pansi panali zii. Ndinamenyanso. Bamboyo anayesa, ndinaona khosi lake likugwedezeka, koma nsagwada inali itapita pambali ndipo m'kamwa munkangotuluka thovu lofiira. Kale lonse Amayi ankafika msanga, munthu akadali ndi mawu. Ine ndinachedwa, ndinaima n'kumaonerera, ndipo mawu ochepa omwe anatsala ndinawamaliza ndekha ndi payipi.

"Bwanji kuli zii?" anafunsa wina panja. "Akumunyengerera ameneyo!"

Mwala unagwa padenga. Wina unaswa galasi la windo, katani inagwedezeka. Chitseko chinayamba kugundidwa ndi mapewa, mpiringidzo ukulira. Ndinaganiza zokuwa ndekha, koma mawu anga amadziwika ndi aliyense yemwe anakwerapo basi, ndipo ndi a mzimayi. Ndinatembenukira kwa Wailesi. Zibakera zake zinali zitamasuka. Sankayang'ana ine kapena chitseko, ankayang'ana mpando.

"Unali mpando?" anafunsa.

"Unali mpando."

"Masiku onse aja?"

"Masiku onse. Ankawauza kuti alire, ine ndikuwatsuka mabala. Sanaphepo munthu, Wailesi, ankawalanditsa. Zina ndikuuza pambuyo. Chitseko chija sichilimba. Uyu alibe mawu, iwe uli nawo."

Anandiyang'ana ngati sakumva.

"Unkaulutsa za makapu osweka," ndinatero. "Ulutsa tsopano!"

Ndinamenya mpando. Wailesi anatsegula pakamwa n'kutulutsa kamawu kamanyazi, ngati munthu waponda minga pamaso pa apongozi. Panja wina anaseka. "Onjezerani, a Kondakitala, sakumva ameneyo!" Ndinakweza payipi ndi manja awiri n'kuigwetsa mpaka madzi a m'chiguduli anathovukira kukhoma.

"Mayo!" anakuwa Wailesi.

Khamu linavomera ndi chimwemwe. Kugunda chitseko kunaleka.

Ndinamenyanso. "Mayo ine!" Ndinamenyanso. Anagwada pansi, ananyamula mutu wa bamboyo n'kuuika pa miyendo yake kuti magazi asamutsamwitse, ndipo anakuwa ali chogwada choncho, nkhope italoza kudenga. Pakati pa zikwapu ndinkawerama, kuvula bamboyo jekete la petulo n'kuliponya m'bafa, kumutembenuzira chammbali, kumanga khutu lake ndi nsalu yoluka ija, n'kubwereranso pampando. Sindikudziwa kuti ndi pa chikwapu chiti pomwe mawu a Wailesi anasintha. Ndinangomva kuti sakudikiranso payipi. Ankakuwa ndisanamenye, ankakuwa nditamenya, mawu akuchokera pansi pa mimba, osweka, oipa kuwamva.

"Amayi! Amayi ine! Amayi, ndalakwa! Ndikhululukireni, Amayi!"

Ndamvapo anthu ambiri akulira m'chipinda chimenecho, ena atathyoka manja, ena atasendeka misana. Kulira ngati kwa mlongo wanga sindinakumvepo. Misozi inanditseka m'maso, koma dzanja silinaleke. Ndinamenya mpando uja chifukwa cha bulangete, chifukwa cha dzino la Amayi, chifukwa cha kuuma mutu kwawo, mpaka chikopa chinaphulika ndipo thonje linauluka m'chipinda monse.

Panja chimwemwe chinayamba kuchepa. Oseka analeka. Ndinamva mawu a mayi uja wa nsapato akuti, "Ee, koma abale, zakwana." Wina anati akukaona ana kunyumba. Mapazi anayamba kuchoka pakhonde, ndipo ndinamva tayala likugubuduzika kubwerera kugalaja. Kenaka kunamveka kugogoda kwaulemu, kwa zala ziwiri.

"A Kondakitala," anali a Butchala. "Basi, mayi. Mulekeni. Mupha munthu."

Anthu omwewo omwe ankafunsana machesi. Ndinafuna kutsegula chitseko n'kuwalavulira kumaso, koma ndinangoyankha kuti ndamva, apite kwawo.

Ndinaponya payipi pansi. Wailesi sanaleke. Anali atatsamira nkhope pa mpando wong'ambikawo, dzanja limodzi likusisita mizere ya pachikopa, linalo litagwirabe mutu wa wakubayo, mapewa akugwedezeka.

"Bwanji sanandiuze?" anafunsa mawu atasasa.

"Ankati uwafunse."

Ndikanatha kumunamiza, kumuuza chinthu chofewa, koma mabodza a m'nyumba imeneyo anali atandikwana. Analira koposa, ndipo ndinamusiya alire pamene ndinkatenthetsa madzi n'kuthiramo mchere.

Mumsewu mutachita bata tinatulutsa wilibala ya Amayi m'kanyumba ka makala. Bamboyo anali kupuma, movutikira koma kupuma, ndipo thupi lake linali litayamba kuzizira. Chofunda chokhacho chomwe chinali pafupi chinali bulangete lomwelo. Ndinalikutumula, ndinaliyang'ana kanthawi, n'kumufunditsa. Wailesi anakankha wilibala m'kanjira ka pakati pa mipanda, suti yake ili magazi ndi oyilo, osaona bwino popanda magalasi, ine ndili kutsogolo kumuuza pomwe pali dzenje. Kuchipatala anamwino atamuvula malaya anafunsa kuti mizere ya pamsanayi wachita ndani. Ndinati ndine. Anandiyang'ana monga anthu ankawayang'anira Amayi, ndipo sindinafotokoze. Bamboyo anachira. Diso linapita, nsagwada anaimanga ndi mawaya, koma anatuluka ndi miyendo yake, ndipo bulangete sindinamufunse.

M'mawa wa tsiku lotsatira chipwirikiticho, a Butchala anabwera ndi nyama yokulunga m'pepala, chipewa chili m'manja. Anatipeza ine ndi Wailesi tikumwa tiyi m'makapu otsala. Mpando tinali titaukuta ndi nsalu ina, ndipo payipi inali patebulo.

"Ndabwera kudzapepesa za mlomo wanuwo, achimwene," anatero kwa Wailesi. "Zinangochitika m'chipwirikiti." Kenaka anatembenukira kwa ine n'kupukusa mutu. "Koma inu, mayi! Magazi a Aphunzitsi enieni. Ndamvapo mbava zambiri zikulira m'nyumba muno, koma wa dzulo uja waposa onse. Mpaka kuitana amayi ake! Ine chakudya chinandikanika. Aphunzitsi anali oopsa, koma inu mwaonjeza."

Ndinaona Wailesi akuika kapu pansi. Ndinaona chifuwa chake chikudzaza mpweya, mlomo wotupawo ukutseguka, ndipo ndinadziwa chomwe chinkabwera. Ankafuna kuchotsa nsalu pampando, kumukokera bamboyo pafupi kuti aone, kuuza msewu wonse kuti mayi ake sanali chilombo. Zaka zake zonse anakhala akuwada chifukwa cha bodza limeneli, ndipo tsopano anali ndi mpata woliphwanya. Sindinamuletse. Ndinadziwa kuti akangonena, wotsatira adzapsa pakona paja, koma mayi anali wakenso ndipo ndinalibe mphamvu yomutseka pakamwa.

Anayang'ana mpando.

"Amayi anali oopsadi," anatero pomaliza, mawu ali osasa.

"Chimfine, achimwene?" anafunsa a Butchala.

"Chimfine." Anatsokomola pang'ono. "A Butchala, mukauze anzanu. Mukagwira wina, musamuthe mawu. Muzibwera naye kuno akadali wotha kulira. Achemwali angawa sakonda kumenya munthu wachete."

A Butchala anaseka mwamantha, analonjeza, n'kutuluka chambuyo. Wailesi anadzuka, anatenga payipi patebulo, anaipukuta magazi ndi mpango wake, n'kukaipachika pa msomali kuseri kwa chitseko. Atabwerera anandifunsa komwe Amayi ankasunga singano yaikulu ndi ulusi, chifukwa mpando unafunika kusoka.